Bulugamu kapena ziphukira za zitsa?

Munda wathu kufupi ndi Bembeke uli pachitunda chomwe chidametedwa kalekale. Pofuna kubwezeretsa mitengo, njira zili ziwiri.

Yoyamba ndi bulugamu. Mbande zake sizivuta kupeza, amakula msanga, ndipo pakatha zaka zochepa mwapeza mapolo a denga ndi nkhuni. Mukamudula amaphukanso. Koma mtengowu udachokera ku Australia, ndipo umamwa madzi kwambiri. Kuubzala pafupi ndi dimba kapena kasupe n'kudziputira mavuto. Pansi pake pamangokhala masamba ouma. Ku Western Cape, ku South Africa, alimi a mphesa za vinyo akudula bulugamu ndi paini kuti zomera zakwawo zibwerere, ndi madzi omwe.

Inayo ndi kusamalira ziphukira. Zitsa za mombo, mtondo ndi msuku sizidafe, mizu ikadali moyo pansi. Mumasiya mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zinazo n'kusadza, kenako kulambula njira yotchinga moto ndi kuthamangitsa mbuzi. Palibe machubu ofeseramo mbande, palibe kuthirira. Zimachedwa ndithu, ndipo mtengo wowongoka wa denga simuupeza msanga. Koma bowa amamera pansi pa mitengo imeneyi mvula ikagwa, njuchi zimabwera, ndipo masuku aja amayi amagulitsa m'mabeseni m'mbali mwa msewu wa M1 amachokera komweko.

Ine bulugamu ndamusiyira kangodya kamodzi kumtunda, kutali ndi madzi. Chitunda chonsecho ndazipatsa zitsa, ndipo zina zandipitirira kale msinkhu.