Patha chaka chilumikizireni kompyuta ya malemu bambo ndi matabuleti atsopano

Lachiwiri lapitali ndinalandira invoisi ya chaka chachiwiri kuchokera ku kampani imene inalumikiza kompyuta yakale ya m'shopu mwathu ndi makina atsopano. Madzulo a tsiku lomwelo mnzanga wina amene ali ndi hardware ku Mchinji anandiimbira. Akuti kampani yomweyo yamuyendera, ndipo yamuuza kuti ku Kasungu ili ndi kasitomala wokhutira kwambiri, kunena ine. Funso lake linali limodzi: "Achimwene, ndilowe kapena ndisalowe?" Pa foni sindinamuyankhe zogwira mtima chifukwa mutu unali udakali pa invoisi ija. Ndiye ndati ndilembe zonse mmene zayendera kuyambira Seputembala 2023.

Shopu yathu ili pa boma la Kasungu. Timapikulitsa shuga, sopo, mchere, mafuta ophikira, ndipo mvula ikayandikira timaonjezera mbewu ndi feteleza. Makasitomala athu akuluakulu ndi eni magolosale a ku Santhe, Chamama, Nkhamenya ndi madera ena, amene amatenga katundu pa ngongole n'kumabweza pang'onopang'ono. Ngongole zonsezo, kuyambira 2009, zili mu pulogalamu imene malemu bambo anga analembetsa kwa mphunzitsi wina wa ku sekondale. Anaipanga ndi Microsoft Access ndipo ili pa kompyuta ya Windows 7 m'kaofesi ka kuseri. Ndikudziwa kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, anthu andikumbutsa kambirimbiri. Koma pulogalamu imeneyi imawerengera monga bambo ankawerengera: mtengo wa bale, wa katoni ndi wa dazeni, malire a ngongole a munthu aliyense, ndiponso kutseka mwezi. Mwezi ukatsekedwa, zotsala za kasitomala aliyense zimasamukira ku mwezi watsopano ndipo wakalewo sukhudzidwanso. Kalaliki wathu anayamba ntchito bambo adakali moyo, ndipo pulogalamuyi amaidziwa ngati njira ya kumunda kwawo.

Chimene chinkativuta chinali chimodzi. Makasitomala ambiri anasiya kubwera ndi ndalama pamanja, amalipira pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo kalaliki ankatsala madzulo aliwonse kukopera mauthenga a pa foni mmodzimmodzi kulowetsa mu kompyuta. Kampaniyo inatipatsa matabuleti awiri a pa kauntala, inalumikiza manambala athu olandirira ndalama ku makina awo a pa intaneti, kenako inaika kapulogalamu kakang'ono pa kompyuta yakale koti kazitenga zogulitsa ndi malipiro n'kumazilemba mu fayilo ya Access. Iwo amakatcha connector, ife m'shopu timangoti mlatho. Ndinalipira K1,400,000 ya matabuleti ndi kuika, kuphatikizapo madola 480 a pachaka, amene nthawi imeneyo anakwana pafupifupi K560,000.

Zoyenda bwino zilipo ndipo sindizibisa. Katoni ikagulitsidwa pa tabuleti imachotsedwa mu stoko ya kuseri pasanathe mphindi zisanu. Netiweki ikathawa tabuleti imasunga zogulitsa n'kuzitumiza ikabwerera. Ndikakhala ku Lilongwe kokaoda katundu ndimaona pa foni ndalama zimene zalowa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 tinkasintha mitengo pafupifupi tsiku lililonse, ndipo kusintha kamodzi kuseri kunkakwanira kuti pa kauntala paoneke mtengo watsopano. Pamenepa mlathowo unatithandiza zedi. Kulumikiza makina a EFD, otulutsa risiti za msonkho, kumene anandilonjeza tsiku loyamba, mpaka lero sikunachitike, timalembabe risiti kawiri.

Tsopano nkhani imene yandidya tulo chaka chonse.

Anatiikira makinawo Lolemba pa 18 Seputembala 2023, ndipo anayesa zonse sabata imeneyo mpaka Lachisanu. Malipiro aliwonse analowa pamalo pake. Tinatseka Seputembala popanda tambala yosowa, ndipo ndinawatumizira uthenga wothokoza.

Kumapeto kwa Okutobala kalaliki anasindikiza masitetimenti a makasitomala monga mwa nthawi zonse, n'kuyamba kuimbira amene sanalipire. Mmodzi mwa iwo anali mayi wina wa golosale ku Nkhamenya, amene wakhala akugula kwa ife kuyambira nthawi ya bambo. Sitetimenti inkaonetsa kuti mwezi wonse sanabweze kalikonse. Mayiwo sanakangane pa foni. Mmawa mwake anakwera minibasi, anafika m'shopu, n'kuika foni yawo pa kauntala. Uthenga unali pomwepo: K380,000 yotumizidwa ku nambala yathu pa 5 Okutobala. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo, zaka zonsezi sindinakubereni ndi sopo yemwe. Lero mukundiimbira foni ngati wothawa ngongole?" Ndinapepesa, ndinawabwezera ya minibasi, koma ndinaona kuti achoka mtima usanakhale pansi. Mwezi wotsatira anakaoda kwina.

Sanali okha. Sabata imeneyo anthu ena asanu ndi anayi anabwera kapena kuimba ndi dandaulo lomwelo. Ndalama zinalowadi ku nambala yathu, pa foni yanga zinkaoneka, koma m'buku la ngongole la kuseri munalibe. Chosokoneza kwambiri chinali chakuti malipiro ena ambiri analowa bwinobwino. Mu Novembala zinachitikanso, ndipo kuwonjezera apo munthu wina anapezeka ndi malipiro amene sanapange mwezi umenewo. Ndinauza a kampani pa WhatsApp. Yankho lawo linali lakuti kumbali kwawo zonse zili bwino, vuto ndi pulogalamu yanga yakale. Anati mwina fayilo yadzaza, poti fayilo ya Access siingapitirire 2 GB. Zimenezo n'zoona, koma yathu sinafike ndi 300 MB yomwe. Kenako ananditumizira mtengo wosamutsira zonse ku pulogalamu yawo yatsopano, woposa K3,000,000.

Apa ndi pamene ndinalakwa chinthu chimene chimandiwawa mpaka pano. Poti a kampani ankati iwo alibe vuto, ndipo pulogalamu ya bambo inali isanasowetsepo ndalama zaka 14, maganizo anga anapita kwa munthu yekhayo amene amaigwira. Ndinayamba kuganiza kuti kalaliki akufafaniza malipiro a pa foni kuti akatolerenso ndalama pamanja kwa makasitomala akutali. Sindinanene poyera, koma ndinamulanda kiyi wa kaofesi n'kunena kuti kompyuta aziyatsa ine ndili pomwepo. Anamva tanthauzo lake. Anandipatsa kiyiyo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Bwana, bambo anu ankandisiyira ndalama za feteleza za sabata yathunthu osawerenga. Koma chabwino." Masabata atatu tinagwira ntchito limodzi osalankhulana kupatula za katundu.

Amene anamasula mfundoyi ndi mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za makompyuta ku Mzuni. Anabwera ku holide ya Khrisimasi ndipo pa 20 Disembala ndinamupempha kuti angoyang'anako. Sanatsegule masitetimenti ngati mmene ife tinkachitira. Anatsegula tebulo lenilenilo la malipiro, mndandanda wa m'kati mwa pulogalamuyo momwe malipiro onse amalembedwa, n'kuwandandalika potsata madeti. Patangopita mphindi zochepa anandiitana. "Amalume, mlathowu munauika liti?" Ndinati Seputembala. "Nanga bwanji pali malipiro ake a pa 10 Januwale, 10 Febuluwale, 10 Malichi?" Tinatsika pamndandandawo mpaka pa 10 Meyi, ndipo K380,000 ya mayi a ku Nkhamenya inali pomwepo.

Anandifotokozera motere. Kuno tikamalemba deti timayamba ndi tsiku, kenako mwezi: 05/10/2023 ndi pa 5 Okutobala. Mlatho unkatumiza deti mwa njira imeneyi. Koma Access ikalandira deti m'kati mwa lamulo lolembera mu tebulo imaliwerenga monga amalembera ku America, mwezi poyamba, tsiku pambuyo. Choncho 05/10 inasanduka 10 Meyi. Nambala yoyamba ikaposa 12 imazindikira kuti kulibe mwezi wa 13, ndiye imatembenuza n'kulemba molondola. N'chifukwa chake malipiro onse a pakati pa 13 ndi kutha kwa mwezi ankalowa bwino, ndipo sabata yoyesera ija ya 18 mpaka 22 Seputembala sikanaonetsa kanthu. Malipiro a masiku 12 oyamba a mwezi ankagwera m'miyezi yotsekedwa kale, kumene sitetimenti siyang'anako, kapena m'mwezi wakutsogolo, monga a pa 11 Okutobala amene anakatulukira pa 10 Novembala. Ankapulumuka ndi a masiku ngati 10/10, 11/11 ndi 12/12 okha. Stoko sinkaonetsa vuto chifukwa kuchotsa katoni sikudalira deti, ndipo zogulitsa za pamwezi ndinkaziwerenga pa foni, osati kuseri. Tinawerenga malipiro 187 osokonekera m'miyezi itatu.

Aliyense wolemba mapulogalamu olankhulana ndi Access amayenera kudziwa khalidwe limeneli, ndipo mankhwala ake ndi kulemba deti kuyambira chaka, kenako mwezi, kenako tsiku. Mwanayo anati ndi mzere umodzi wokha m'kapulogalamu ka mlathoko wofunika kusintha. Madzulo omwewo ndinapita kunyumba kwa kalaliki, ndinamubwezera kiyi ndi kupepesa pamaso pa akazi ake. Anavomera. Masiku anayi a pakati pa Khrisimasi ndi chaka chatsopano anakhala m'kaofesi kukonza madeti 187 aja pamanja, limodzi ndi limodzi.

A kampani anakonza mzerewo sabata yachiwiri ya Januwale, nditawatumizira zithunzi za tebulo. Mnyamata wawo amene anagwira ntchitoyo anandiimbira yekha kupepesa, ndipo ndimamulemekeza chifukwa cha zimenezo. Bwana wake analemba kuti achita "kutithandiza" kugwirizanitsa makina awo ndi pulogalamu yachikale. Nthawi imeneyo ndikanapeza wogula matabuleti aja ndikanagulitsa tsiku lomwelo.

Kenako mtima unatsika. Msika wa fodya utatsegulidwa ndalama zinayamba kuyenda m'Kasungu, alimi akagulitsa ku Chinkhoma magolosale amagulitsa, ndipo eni magolosale amabweza ngongole ngakhale usiku. Kale nyengo imeneyi kalaliki ankaweruka mdima utagwa, maso atafiira ndi mauthenga a pa foni. Mu 2024 ankatseka ofesi 5 koloko. Mu Epulo ndi Meyi ndinauzadi anthu awiri kapena atatu kuti makinawa ndi abwino, ndipo ndikuganiza kuti mbiri ya kasitomala wokhutira ija inachokera pamenepo.

Lolemba pa 3 Juni 2024 kalaliki anandiitana kuseri. Chiyambireni Januwale amatsegula tebulo lija mmawa uliwonse, monga anamuonetsera mwana uja. Malipiro a Loweruka analembedwa 6 Januwale, a Lamulungu 6 Febuluwale, a mmawa umenewo 6 Malichi. Kumapeto kwa Meyi kampaniyo inatumiza mlatho watsopano kwa makasitomala ake onse osatiuza, ndipo kukonza kwa Januwale kuja kunafafanizika, chifukwa anakonza pa kompyuta yathu yokha osati pa pulogalamu yawo yaikulu. Ulendo uno anati sangakonze ali ku Lilongwe, ayenera kubwera, ndipo ananditumizira bilu ya K95,000 ya ulendo. Ndinalipira chifukwa inali nyengo ya ndalama ndipo sindikanatha kudikira mkangano. Palibe kasitomala amene anaimbiridwa molakwika, koma amene anateteza zimenezo ndi kalaliki, osati amene ndimawalipira madola.

Ndiye invoisi ya Lachiwiri ija. Madola ndi omwewo, 480. Ku banki dola inali pa K1,751 mu 2024, kutanthauza K840,480. Iwo analemba K1,056,000 VAT ya 16.5 peresenti isanalowe, chifukwa awerengera dola pa K2,200. Akuti madola akusowa ndipo makina awo a pa intaneti amalipira kunja. Kusowa kwa madola ndikukudziwa, nane ndimaoda katundu. Koma pangano lathu limangoti mtengo wa dola wa tsiku lolipira, silinena wa ndani, ndipo ndinasaina osafunsa.

Lachinayi ndinapita ndekha ku ofesi yawo, nditanyamula pepala la malipiro 187 aja ndi risiti ya K95,000. Ndinapempha zinthu zitatu: awerengere dola ya ku banki, achotse K95,000, ndipo alembe m'pangano kuti sadzasintha mlatho osandiuza, komanso kuti akasintha aziyesa ndi deti la pakati pa 1 ndi 12. Choyamba ndi chachitatu anavomera titakambirana pafupifupi maola awiri. Ya ulendo anakana, ati galimoto inayendadi. Za EFD anati chaka chikubwerachi, mawu omwe ananena chaka chatha. Ndinawauza kuti ndilipira theka lokha tsopano.

Ndikaika pa sikelo, K840,480 pachaka ndi pafupifupi K70,000 pamwezi VAT isanalowe. Pa maola amene kalaliki wapuma, ndi mitengo yosasokonekera pa kauntala, ndalama imeneyi ndingaipereke. Pa K1,056,000 ndikanazula mlathowo n'kubwerera ku kukopera mauthenga. Chimene sichilowa m'masamu amenewa ndi mayi a ku Nkhamenya, amene anabwerera mu Julayi koma tsopano amalipira pamanja ndi kudikira risiti yosainidwa.

Achimwene a ku Mchinji, ndakuimbirani dzulo koma ndibwerezenso pano. Ngati buku lanu la ngongole lili mu pulogalamu yakale imene simukufuna kutaya, lowani, koma musalole kuti aike ndi kuyesa pakati pa mwezi. Auzeni abwere pa 2 kapena pa 3, mutumize K500 kuchokera pa foni yanu, mutsegule tebulo muone deti ndi maso anu. Mtengo wa dola ulembedwe kuti ndi wa ku banki, ndipo ndalama ya EFD musapereke mpaka risiti yoyamba itatuluka. Ine theka lotsalalo ndalisunga. Lachiwiri pa 1 Okutobala ndidzakhala kuseri ndi kalaliki 7 koloko mmawa kudikira malipiro oyamba. Akalembedwa 1 Okutobala ndidzatumiza ndalamazo tsiku lomwelo, akalembedwa 10 Januwale adzabwera kudzakonza ndi mafuta awo.