Miyezi 10 ndikusewera ndi ndodo za gofu zotsika mtengo

Papita miyezi 10 chigulireni ndodo zanga zoyamba za gofu, ndipo popeza ndasewera nazo pafupifupi sabata iliyonse, padzuwa ndi pamvula pomwe, ndikuona kuti tsopano ndingathe kuzifotokoza mosakokomeza. Ine ndimasewera pongofuna kusangalala, handicap yanga (nambala yosonyeza luso la wosewera, imene imakhala yaikulu luso likakhala lochepa) ili pa 26, choncho zimene ndikunena pano zikukhudza munthu amene mpira umamuthawirabe kutchire kangapo pa tsiku.

Ndinagula seti ya oyamba kumene, ija imabwera m'bokosi limodzi pamodzi ndi chikwama chake. Munali ndodo 10: driver (ya mutu waukulu yoyambira dzenje), wood imodzi (yomenyera patali), ma hybrid awiri (osakaniza wood ndi iron), ma iron (a mitu yachitsulo) kuyambira nambala 6 mpaka 9, pitching wedge (yokwezera mpira m'mwamba pa mtunda waufupi) ndi putter (yogubuduzira mpira m'dzenje). Mtengo wa zonsezi sunafike pa mtengo wa driver imodzi yatsopano ya makampani otchuka. Malamulo a R&A ndi USGA, mabungwe oyang'anira gofu, amalola wosewera kunyamula ndodo zosapitirira 14, ndipo poyamba ndinkadandaula kuti ndaperewera zinayi. Nkhawa imeneyi inali yopanda pake, chifukwa lero ndikamaliza maenje 18 ndimapeza kuti ndodo zimene zadetsedwa ndi dothi ndi 7 kapena 8 basi. Munthu amene sanakhazikike pa kamenyedwe amafikitsa mpira pafupifupi pamalo amodzi ndi iron 6 ndiponso iron 7, motero kuchulukitsa ndodo kumangomulemetsa phewa.

Ma iron ndiwo andikhutiritsa koposa. Mitu yake ndi yokumbika kumbuyo, kulemera kwake kuli m'mbali, njira imene inatchuka ndi Karsten Solheim, amene anayambitsa kampani ya Ping mu 1959. Phindu lake ndi lakuti mpira ukagunda pambali pang'ono osati pakati penipeni, mutu wa ndodo supotoka kwambiri ndipo mpirawo umapitabe kumene ukufuna, ngakhale suuluka mtunda wonse. Luso limeneli linafalikira kalekale, kotero kuti ngakhale ndodo zotchipa zili nalo. Chitsulo chake chakalikakalika pansi, koma palibe mutu umene wagwedera kapena mpini umene wapindika. Mnzanga wina anandibwereka ma iron ake odula kwa tsiku lathunthu. Ankamveka bwino m'manja, sindikana, koma chiwerengero cha maulendo amene ndinamenya mpira sichinasinthe pa khadi.

Driver ndiyo inandivutitsa. Mutu wake ndi waukulu ndithu, wa 460cc monga mmene malamulo amalolera, ndipo nkhope yake inapendekeka madigiri 10.5, koma mpini wake ndi wofewa kwambiri, ndipo mpira unkangokhotera kumanja. Kwa miyezi itatu ndinkaiimba mlandu ndodoyo, mpaka mphunzitsi wa gofu atandiona n'kunena kuti theka la vuto linali kagwiridwe kanga. Maphunziro atatu okha anawongola zambiri kuposa zimene ndodo yatsopano ikanachita, komabe theka linalo ndi la ndodo, ndipo masiku ano pa maenje opanikiza ndimayamba ndi hybrid, imene imandichepetsera mtunda koma imasiya mpira pa kapinga.

Chimene sindinachiganizire pogula, chomwenso ndi chifukwa chenicheni cholembera zonsezi, ndi labala wa pogwirira. Apa ndi pamene opanga maseti otchipa amasungira ndalama. Pofika mwezi wachisanu labalayo anali atauma ndi kuyamba kuterera, makamaka pa iron 7 ndi pitching wedge zimene ndimaphunzirira kawirikawiri. Pogwirira pakaterera munthu amafinya ndodo mosadziwa, mikono imauma, ndipo kamenyedwe konse kamasokonekera popanda iye kuzindikira gwero lake. Ndinasinthitsa labala pa ndodo zonse, n'kusankha wonenepa pang'ono chifukwa manja anga ndi aakulu, ndipo ndalama zake zinali zochepa poyerekeza ndi kusintha kumene ndinakumva tsiku lomwelo. Akatswiri amalangiza kusintha labala kamodzi pachaka kwa amene amasewera kawirikawiri, koma wa m'seti yanga sanafike n'komwe pamenepo. Kumutsuka ndi madzi ofunda ndi sopo kumathandiza, ngakhale sikubweza labala amene wauma kale.

Setiyo inalibe sand wedge, ndipo kusowa kwake ndinakumva mpira ukagwera m'maenje a mchenga a pabwalo. Pitching wedge yapendekeka madigiri pafupifupi 45 ndipo pansi pake ndi popyapyala, choncho imangokumba n'kumira. Sand wedge, imene Gene Sarazen anaitchukitsa mu 1932, ili ndi pansi potakata ndi potukuka, pamene pamachititsa mutu kutsetsereka mumchenga n'kutukula mpira. Ndinagula ya madigiri 56 yogwiritsidwapo kale ntchito. Pogula wedge yakale muyenera kupenda timizere ta pankhope pake ndi chikhadabo, chifukwa tikafafanizika mpira suzungulira mokwanira ndipo suima ukatera. Ndinakana ziwiri pa chifukwa chimenechi ndisanapeze yoyenera. Ndinapewanso ndodo "zatsopano" za mayina otchuka zogulitsidwa pa intaneti pa mtengo wotsika modabwitsa, popeza zachinyengo zilipo zambiri ndipo pachithunzi sizisiyana ndi zenizeni.

Za putter ndilibe chodandaula. Ndi yolemera bwino, ili ndi mzere wolozera, ndipo mipira imene ndaphonya pafupi ndi dzenje ndaiphonya ndekha.

Pa mipira ndinawonongapo ndalama chifukwa cha manyazi. Ndinkaona anzanga akutulutsa Titleist Pro V1, mpira wabwino ndithu, wa chikopa chofewa cha urethane chimene chimathandiza katswiri kuimitsa mpira pamene akufuna, ndipo nanenso ndinagula bokosi la mipira 12. Inatha m'masabata atatu, ina m'madzi, ina m'tchire. Chiyambire 2019 malamulo amangopereka mphindi zitatu zofufuzira mpira wotayika, ndipo kufufuza mpira wodula nthawi ikutha kumawononga mtendere wa tsiku lonse. Tsopano ndimagwiritsa ntchito mipira ya zigawo ziwiri ya chikopa cholimba, imene sichedwa kupezeka m'masitolo, sing'ambika msanga, komanso sikhota kwambiri ikamenyedwa molakwika. Ndimangoonetsetsa kuti ndikusewera ndi mtundu umodzi nthawi zonse kuti dzanja lizolowere.

Chikwama ndicho chatopa msanga: zipi ya thumba lalikulu inaduka pa mwezi wachisanu ndi chiwiri, ndipo mwendo umodzi woimikira sutambasuka wokha. Magolovesi achikopa chenicheni ankang'ambika pachikhatho m'masabata ochepa, pamene achikopa chopanga akhalitsa kuwirikiza kawiri. Nsapato zokha ndi zimene ndinagula zabwinopo kuyambira pachiyambi, chifukwa maenje 18 ndi ulendo wa makilomita angapo pa udzu wamame, ndipo sindinanong'onezepo bondo.

Ma iron, ma hybrid ndi putter ndikhala nazo chaka china. Driver ndiisintha ndi ina yakale ya madigiri 12 ndi mpini wolimbirapo, koma ulendo uno sindigula ndisanamenye nayo mipira yokwana dengu lathunthu pamalo ophunzirira.