Mwana wokodza pogona: botolo la pamsika, mapampasi, makintoshi kapena alamu yolira?

Amayi anzanga kuno ku Nchalo akhala akundifunsa mobwerezabwereza kuti mnyamata wanga uja ankakodza pogona mpaka Sitandade 4 ndinamutani, nde ndati ndilembe zonse pamodzi, zomwe tinayesa kwathu ndi zomwe ndaona kwa azibale, kuti munthu azitulutsa ndalama akudziwa kumene ikupita. Choyamba, mwana sachita dala. Pa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amakodza pogona, pofika zaka 10 amatsala ngati 5, ndipo chaka chilichonse ena amangosiya okha opanda mankhwala aliwonse. Ambiri ndi anyamata. Zimayendanso m'magazi, ngati bambo ndi mayi onse ankakodza ali ana, ana atatu mwa anayi amatengera. Nde musanamukalipire kafunseni kaye agogo ake za bambo akewo.

Ndiyambe ndi botolo la pamsika chifukwa ndi limene linandiwawa, ndipo mpaka lero ndikamuona mkulu wogulitsa mankhwala azitsamba oletsa kukodza uja mtima umandithamanga. Amayala timabotolo take tsiku la msika, amalankhula bwino, akuti sabata imodzi mwana wauma. Mtengo umene amatchula poyamba ndi wochepa, munthu sudandaula. Zinazo zimabwera pambuyo. Botolo loyamba litatha opanda kusintha anati mankhwalawa amayenda atatu, limodzi ndi longotsegulira njira. Kenako panabwera ya chotsegulira thumba imene sanaitchule tsiku loyamba. Kenako nkhuku, akuti yotsirikira mphasa. Pomaliza ndalama yonse inali yoti tikanagula thumba la chimanga nthawi ya njala.

Koma olo ndalamayo ndikanaiiwala. Malamulo ake ndi amene anamuzunza mwana. Akuti kuyambira masana asamwe madzi ngakhale dontho, ndiye pogona amwe kapu yodzadza ya mankhwala owawa aja. Tangoganizani, mwezi wa Okutobala kuchigwa kuno, kutentha kumapitirira madigiri 40, mwana akuchokera kusukulu wapansi thukuta kamukamu nde umuuze kuti madzi ayi, kenako usiku umupatse kapu yonse ya madzi ngati mankhwala oletsa kukodza. Mwana anayamba kudandaula mutu, mkodzo unada n'kumanunkha kwambiri, kuchimbudzi kumatenga masiku, ndipo mphasa imanyowabe m'mawa uliwonse. Titabwerera kukafunsa, mkulu uja osachita manyazi anati vuto si mankhwala koma pali wachibale amene wamuika mwana m'manja, n'kuyamba kufotokoza maonekedwe ofanana ndi azakhali ake, amene amamulera mwanayu ine ndikapita kuganyu. Apa mpamene ndinadana naye. Mawu amenewa amapasula mabanja, ndipo kuno tikudziwa zomwe zimachitikira okalamba akangotchulidwa kuti ndi afiti. Sindikunyoza azitsamba onse ayi, agogo anga ankadziwa masamba a chifuwa ndipo sankalipiritsa munthu. Koma wogulitsa botolo la kukodza amadyera pa mfundo ija yoti ana amasiya okha, mwana akasiya akuti ndi mankhwala ake, akapanda kusiya akuti ndi azakhali.

Zomumangirira chule m'chiuno, kumusenzetsa mphasa yonyowa anzake akumuimba nyimbo, kumukwapula, izi n'zaulere koma zimangomuwonjezera mantha ndipo sizinaumitsepo mphasa ya munthu. Osachita.

Njira yomwe ndimauza aliyense kuti ayambire ndi kukayezetsa mkodzo. Kuchipatala cha boma ku Chikwawa kapena ku Nsanje simulipira, chimene chimadya ndi transipoti ndi tsiku lathunthu pamzere, pomwe zipatala za mishoni ngati Montfort kapena Trinity ku Muona kuli kandalama. Ana athu amasamba mu Shire, m'madambo ndi m'ngalande zothirira, mmene muli nkhono zija zofalitsa likodzo, ndipo likodzo limakanda chikhodzodzo, mwana amakodza pafupipafupi, kumva kuwawa, mwina timagazi kumapeto kwa mkodzo. Mankhwala ake ndi praziquantel, omwe aja amagawa m'sukulu atawayeza msinkhu. Si ana onse okodza pogona ali ndi likodzo, ambiri alibe, amangogona tulo tofa nato kapena thupi limapanga mkodzo wambiri usiku, koma kuno n'kosayenera kungoganizira. Ndipo pali ena ofunika kuthamanga nawo osadikira: mwana amene akumva ludzu losatha, akukodza kwambiri usana ndi usiku n'kumaonda, akhoza kukhala ndi shuga. Ana a sickle cell, matenda a magazi obadwa nawo, nawonso amakodza pogona kawirikawiri chifukwa impso zawo sizisunga madzi bwino. Komanso mwana amene anauma miyezi 6 kapena kuposa n'kuyambiranso, pamakhala chifukwa, mwina matenda a m'chikhodzodzo, mwina mantha. Namondwe Freddy atatisesa mu Malichi 2023, m'makampu a m'sukulu muja ana akuluakulu ambiri ndinawaona atayambiranso, amayi awo akuchapa zitenje m'bandakucha kuti anthu asaone. Ana otero amafuna kuwakhazika mtima pansi, osati botolo.

Kwa wanga likodzo sanamupeze. Adokotala anamugwira m'mimba n'kunena kuti wadzimbidwa, ndipo chimbudzi chikadzadza m'matumbo chimapanikiza chikhodzodzo moti sichisunga mkodzo wokwanira. Izi ambiri sitizidziwa. Malangizo awo anali osemphana kotheratu ndi a pamsika aja: amwe madzi ambiri m'mawa ndi masana, apite ndi botolo kusukulu, azikodza pa buleki osasunga, masamba ndi mapapaya zisasowe, ndiye achepetse kumwa kukatsala ola limodzi kapena awiri kuti agone. Tiyi wamadzulo, zakumwa za m'mabotolo ndi kutafuna nzimbe usiku tinasiya. Sizinathe sabata imodzi, zinatenga miyezi, koma mausiku ouma anayamba kuchuluka ndipo sitinalipire kanthu.

Tsono pamene mukudikira, mphasa muiteteza bwanji? Apa mpikisano ndi wa mapampasi ndi makintoshi, ndipo ine ndili mbali ya makintoshi osabisa. Mapampasi a mwana wa zaka 8 kapena 9 sapezeka m'magolosale athu, amene alipo ndi a makanda, umachita kumukakamiza ndipo amadontha m'mbali. Chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mtengo wake sugwirika, ndipo ndi ndalama ya usiku uliwonse. Ndi kutentha kwathu kuno mwana amadzuka atanyuka m'mphechepeche. Potaya ndi vuto lina, m'chimbudzi chokumba sawola, kudzala agalu amafukula n'kumwaza pabwalo, mudzi wonse wadziwa. Mwana wamkulu amachitanso manyazi kuvala za khanda. Ndimawavomereza paulendo pokha, kukagona kwa eni kapena kumaliro.

Makintoshi mumagula kamodzi basi, olo pepala lapulasitiki lochindikala likhoza kugwira. Paokha amatentha ndipo amachita phokoso, nde muziyala chitenje chakale pamwamba, china chouma chikhale pafupi kuti akadzuka asinthe yekha osadzutsa nyumba yonse. Ngati muli ndi matilesi a siponji akuteni onse, chifukwa siponji ikamwa mkodzo fungo silichoka. Wogona pamphasa ali ndi mwayi, kutsuka, kuyanika, dzuwa lathuli ola limodzi yauma. M'mawa asambe ndi sopo asanapite kusukulu, anzake akamva fungo ndi pamene mayina amayambira. Ikaninso chidebe ndi tochi pafupi ndi pogona, ana ena amadzuka ndithu koma amaopa mdima ndi njoka panjira ya kuchimbudzi.

Kumudzutsa pakati pa usiku kumapulumutsa zofunda koma sikumuphunzitsa kanthu, makamaka ngati mukungomunyamula ali mtulo.

Alamu ndi kachipangizo kamene mumapanira pa kabudula wamkati, kakangomva chinyezi kamalira. Pa njira zonse iyi ndi imene imachiritsa ana ambiri mokhalitsa, pafupifupi awiri mwa atatu amauma, chifukwa imaphunzitsa ubongo kumva chikhodzodzo chikadzadza. Achemwali a amuna anga a ku Bangula anagwiritsa ntchito kachipangizoka pa mtsikana wawo ndipo zinatheka, koma ndinaona mmene zinawavutira. Kuno sikapezeka, anachita kutumiziridwa ndi m'bale wa ku Johannesburg. Timabatire take tozungulira tija tikatha mpaka Blantyre. Pamafunika miyezi 2 mpaka 3 usiku uliwonse osadumphitsa, ndipo masabata oyamba mwana samva, amene amadzuka ndi inuyo kuti mumudzutse bwinobwino ayende yekha kukamaliza. Ngati ana anayi amagona chipinda chimodzi onse adzuka. Nyengo yotentha thukuta nalonso limatha kukaliza. Ngati mungakapeze ndipo mwana ali ndi zaka 7 kupita m'mwamba komanso iye mwini akufuna, yambani mu Juni kapena Julayi kukamazizira.

Mapiritsi ndawaika kumapeto dala. Desmopressin amachepetsa mkodzo umene impso zimapanga usiku, amagwira msanga, koma mukasiya ana ambiri amayambiranso. Lamulo lake ndi loti mwana asamwe madzi ola limodzi asanamwe piritsi mpaka maola 8 pambuyo pake, akamwa madzi ambiri mchere wa m'magazi umatsika n'kudwala koopsa, nde usiku wa Novembala mwana akulira ludzu muone mmene zimavutira. Ndimaona kuti amathandiza mwana amene wasankhidwa ku sekondale yogonera konko, ndipo akhale olembedwa ndi adokotala, komanso mukalankhule ndi a matroni pambali kuti amupatse bedi lapansi pafupi ndi khomo. Pali enanso otchedwa imipramine ndi amitriptyline amene ena amauzana kuti ukagule ku famase. Amenewo opanda adokotala musayerekeze, mwana akamwa opyola muyezo amasokoneza kugunda kwa mtima mpaka kufa, ndipo m'nyumba zathu muli tiana tokwawa timene timatola chilichonse n'kuika m'kamwa.