Ulendo wa ku Jaisalmer: Sleeper, 3A kapena basi?

Anzanga amene akukonza zokaona chigawo cha Rajasthan ku India pa tchuthi cha Disembala akhala akundifunsa funso lomwelomweli: kuchokera ku Jodhpur kupita ku Jaisalmer, akwere chiyani? Ndiyankhe kamodzi pano.

Mtunda wake ndi pafupifupi makilomita 300. Sitima imayenda maola asanu kapena asanu ndi limodzi, kudzera ku Osian, Phalodi, Ramdevra ndi Pokaran, dera lija dziko la India linayeserako mabomba a nyukiliya mu 1974 ndi 1998. Basi imatenga nthawi yofananako ndipo tikiti yake siyivuta kupeza, koma mabasi ambiri alibe chimbudzi, ndiye kwa ine nkhani ya basi imathera pomwepo. M'sitima, mabogi okhala ndi mabedi ndi monga Sleeper, imene ilibe makina owongolera kutentha kwa mpweya (AC), ndiponso 3A ndi 2A, zimene zili ndi AC. Bogi ya 2A ili ndi makatani komanso mabedi anayi m'chigawo m'malo mwa asanu ndi limodzi, koma pa ulendo waufupi chonchi n'kuwononga ndalama chabe. Mpikisano weniweni uli pakati pa Sleeper ndi 3A.

Mtengo wa 3A umaposa wa Sleeper kawiri n'kupitirira, n'chifukwa chake ophunzira ambiri amathamangira Sleeper. Chimene tikiti siyinena n'chakuti mu Sleeper simupatsidwa chofunda chilichonse, ndipo mazenera ake satsekeka mokwanira. Chipululu cha Thar chimatentha masana, koma usiku wa mu Disembala ndi Januwale kumazizira mpaka zala kuuma. Mphepo imalowera m'mipata ya mazenera ndi pakhomo, itanyamula mchenga wosalala ngati ufa. Pofika m'bandakucha mchengawo uli m'tsitsi, m'mano, pagalasi la foni, ngakhale m'chikwama chotseka. Amwenye amadziwa zimenezi, amakwera ndi mabulangeti awo akuluakulu n'kudzifunditsa mpaka kumutu. Mlendo wa juzi imodzi amangokhala chogwada pabedi, kudikira wogulitsa tiyi adutse. Mu 3A mazenera ndi omata, mumapatsidwa mashiti awiri, bulangeti ndi pilo, ndipo mumagona ndithu.

Tulo timeneti ndi timene timapulumutsa ndalama zanu, chifukwa msampha weniweni uli pofika. Sitima isanaime n'komwe, anyamata amayamba kuyendayenda m'mabogi ndi timakadi ta malo ogona, ndipo ena amakhala akudikira panja pa siteshoni, mofanana ndi oitanira minibasi pa depoti ya ku Lilongwe. Amalonjeza galimoto yaulere ndi chipinda chotsika mtengo kwambiri. Munthu amene wagona bwino amatha kukana n'kupita kumene anasungitsa malo. Amene wazizidwa usiku wonse amangofuna madzi otentha ndi bedi.

Umu ndi momwe ine ndinagwidwira. Chipinda chinali chabwino, mtengo wake unali womwe ananena uja. Atangondilandira anandikweza padenga, kundipatsa tiyi wamkaka, linga lakale la mzindawu likuoneka patsogolo panga dzuwa likungotuluka. Kenako mwini malo anabwera ndi buku la zithunzi za ngamila ndi makalata oyamikira ochokera kwa alendo akale. Mtengo wa ulendo wa m'chipululu umene anatchula unali woposa umene ndinadzaupeza m'tauni masana omwewo. Nditamuuza kuti ndikufuna ndiyambe ndafunsa kwina, nkhope inasintha. Madzulo anandiuza kuti chipinda changa chili ndi mwini wake kuyambira mawa, ndipo galimoto yaulere ija inapezeka pa bilu. Mpaka lero zimandiwawa, makamaka chifukwa cha ulemu wonse uja wa m'mawa. Chipinda chotchipacho ndi nyambo, phindu lawo lili pa ngamila.

Tsono ulendo wa ngamilawo muzigula paokha, ndipo funsani kuti akupita nanu kuti. Ku Sam, pafupifupi makilomita 40 kumadzulo kwa mzinda, kuli milu ikuluikulu ya mchenga, komanso khamu la anthu, majipi othamanga ndi zimkuzamawu. Ku Khuri milu yake ndi yocheperako koma kuli bata. Ine ndi wa Khuri.

Chifukwa china chofikira muli ndi mphamvu n'chakuti mzindawu umaonedwa poyenda pansi. Linga lake inalimanga mfumu Rawal Jaisal mu 1156 pa phiri la Trikuta, ndi miyala yachikasu, ndipo lili ndi nsanja 99. Mu 2013 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wake wa malo ofunika pa mbiri ya dziko lonse pamodzi ndi malinga ena a m'mapiri a Rajasthan. M'kati mwake mukukhalabe mabanja, muli akachisi a chipembedzo cha Jain, masitolo ndi ng'ombe zoyenda m'tinjira topanikizika. Kunsi kwake kuli Patwon ki Haveli, nyumba zisanu za banja la amalonda zokhala ndi makonde a miyala yosemedwa mwaluso, ndiponso nyanja yokumba ya Gadisar. Malo ogona ndimakonda a kunja kwa linga: madzi otayidwa m'mahotela a m'kati amalowa pansi n'kumafooketsa maziko, ndipo mbali zina za makoma zinagwapo kale. Komanso linga limaoneka bwino mukakhala kunja kwake.

Vuto la 3A n'lakuti malo amatha msanga nyengo yozizira. Matikiti amayamba kugulitsidwa kutatsala masiku 60, pa IRCTC (tsamba la pa intaneti logulitsira matikiti a sitima) kapena pa siteshoni. Tikiti ikalembedwa WL ndiye kuti mulibe malo, mukungodikira ena abweze. Ya RAC mumakwera nayo, koma bedi limodzi mumagawana anthu awiri. Zikakanika pali Tatkal, njira yogulira tikiti ulendo utayandikira, imene imatsegulidwa kutatsala tsiku limodzi, 10 koloko m'mawa kwa mabogi a AC ndi 11 koloko kwa Sleeper, pamtengo wokwererapo.

Sleeper ndingaivomereze pa ulendo wa masana okha, cha mu Febuluwale kapena Novembala, mutakhala pazenera n'kumaona ngamila zikudya masamba a mitengo ya khejri m'mbali mwa njanji. Wa usiku mu Disembala, lipirani 3A ndipo malo ogona musungitsiretu musananyamuke ku Jodhpur.