Ndemanga yanga pa digiri yoyamba ya saikoloji nditaiphunzira zaka zinayi mu Harare

Ndinamaliza digiri yoyamba ya saikoloji, maphunziro a maganizo ndi khalidwe la munthu, pa yunivesite ina muno mu Harare, ndipo popeza makolo angapo a mumpingo mwathu ku Mufakose akhala akundifunsa ngati n'koyenera kulipirira ana awo maphunziro amenewa, ndaona kuti ndi bwino ndilembe m'Chichewa kuti ngakhale agogo athu amene amasonkha nawo fizi amve bwinobwino chimene ndalama zawo zikukagula. Maphunzirowa ndikuwapatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu, koma munthu awerenge kaye mpaka pansi asanathamangire kukalembetsa.

Bambo anga aang'ono, amene anandilipirira chaka choyamba, ankauza anzawo kuti mwana wawo akuphunzira udokotala wa anthu odwala misala, ndipo inenso ndinkaganiza kuti pofika chaka chachiwiri ndidzakhala ndikulangiza anthu amene ali pamavuto. Zimene ndinakapeza zinali zina. Tinayamba ndi mbiri ya Wilhelm Wundt, amene anatsegula chipinda choyamba choyesera za maganizo a munthu ku Leipzig mu 1879, kenaka tinalowa m'kapangidwe ka ubongo ndi momwe mitsempha imatumizirana uthenga, ndipo tisanapume n'komwe anatipatsa phunziro la statistics, masamu osanthulira zotsatira za kafukufuku. Ambiri a ife tinasankha saikoloji pothawa masamu a ku sekondale, koma masamuwo tinawapeza atatidikirira pakhomo. Wophunzira amene safuna kuwerengetsera manambala, kapena kukhala maola ambiri pa kompyuta akulowetsa mayankho a anthu mu pulogalamu ya SPSS, adzavutika chaka chilichonse mpaka pa kafukufuku wa chaka chomaliza, pakuti kafukufukuyo sangalembeke popanda luso limeneli.

Chodabwitsa n'chakuti mbali imene ndinkadana nayoyi ndi imene lero ndikuiyamikira kuposa zonse. Aphunzitsi a njira za kafukufuku anali okhwimitsa zinthu, ndipo sankalola munthu kulemba kuti "anthu amati" popanda kusonyeza kuti ndi anthu angati, anasankhidwa bwanji, ndipo anafunsidwa funso lotani. Ndimakumbukira mkangano umene unabuka m'kalasi pa kafukufuku amene katswiri wa saikoloji Stanley Milgram anachita ku yunivesite ya Yale mu 1961, pamene anthu 26 mwa 40 anamvera lamulo lopitiriza kulanga munthu wina ndi magetsi mpaka pa mavoti 450, osadziwa kuti magetsiwo anali abodza ndipo wolirayo ankangochita sewero. Aphunzitsi sanatilole kungodabwa ndi kuuma mtima kwa anthu. Anatifunsa ngati kunali koyenera kunamiza anthu aja motero, ndipo kuchokera pamenepo anatiphunzitsa chifukwa chake masiku ano wofufuza amayenera kupempha chilolezo kwa munthu aliyense, kumufotokozera cholinga, ndi kumusungira chinsinsi. Phunziro limodzi lokhalo linandisintha kafunsidwe kanga ka mafunso, ngakhale pa zokambirana za pabanja.

Nyenyezi imodzi ndaichotsa makamaka chifukwa cha mabuku. Pafupifupi onse amene tinkawerenga analembedwa ku America ndi ku Ulaya, ndipo zitsanzo zake ndi za ana ndi mabanja a kumeneko. Tinaloweza magawo anayi a kakulidwe ka nzeru za mwana malinga ndi Jean Piaget, ndiponso magawo asanu ndi atatu a moyo wa munthu malinga ndi Erik Erikson, koma panalibe tsamba ngakhale limodzi lonena za chinamwali, chimene kwa ife Achewa ndi mlatho weniweni wochokera ku ubwana kupita ku ukulu. Pa nkhani ya chisoni tinawerenga za munthu wolira yekha m'chipinda mwake, pamene ine ndinakulira m'dera limene maliro amagonedwa ndi mudzi wonse, amayi m'nyumba ndi abambo panja pamoto, ndipo a bungwe la maliro amabwera ndi ufa ndi nkhuni. Agogo anga, amene anachokera ku Dedza m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, amadziwa zambiri za momwe munthu wachisoni amatonthozedwera, koma nzeru zawozo sizikanandipatsa malikisi pa mayeso.

Pofuna kunena chilungamo, aphunzitsi ena ankayesetsa kudzaza mpata umenewu, ndipo phunziro limene linandikhudza kwambiri linali la Friendship Bench, ntchito imene dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaiyambitsira ku Mbare konkuno. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi panja pa chipatala chaching'ono n'kumamvetsera anthu amene ali ndi vuto limene Ashona amati kufungisisa, lomwe ife timati kuganiza kwambiri. Amayamba ndi mafunso 14 a m'Chishona oyezera kukula kwa vutolo, kenaka amakumana ndi munthuyo mpaka kasanu ndi kamodzi, kumuthandiza kutchula mavuto ake, kusankha limodzi, ndi kupeza yekha njira yolithetsera. Zotsatira za kafukufuku wa ntchitoyi, amene anachitikira m'zipatala 24 za mu Harare, zinasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya JAMA mu 2016. Tsiku limenelo ndi limene ndinaona kuti statistics ija ndi imene inachititsa kuti dziko lonse likhulupirire ntchito ya agogo a pa benchi, ndipo ndinalakalaka maphunziro otere akanayamba m'chaka choyamba.

Zovuta zina ndi zimene wophunzira aliyense wa mumzinda uno amazidziwa: makalasi odzaza m'chaka choyamba, mabuku ochepa mu laibulale, ndi magetsi ozima usiku woti mawa lake upereke ntchito. Chimene chinandiwawa kwenikweni chinali chaka chachitatu, chimene timapita ku attachment, kutanthauza kukaphunzira ntchito ku bungwe kapena ku kampani. Malo tinkadzifunira tokha, ndipo ine ndinatha masabata ambiri ndikukwera makombi ndi makalata m'manja ndisanalandiridwe ku bungwe lina losamalira ana amasiye. Kumeneko ndinaphunzira zambiri, koma anzanga ena anathera chaka chonse akusanja mafayilo m'maofesi a olemba anthu ntchito, ndipo mphunzitsi woyenera kutiyendera anafika kamodzi kokha.

Kwa inu makolo, mfundo yofunika kuimvetsa musanatulutse ndalama ndi yakuti digiri yoyamba payokha siipatsa munthu ufulu wotsegula ofesi n'kumathandiza odwala. Muno mu Zimbabwe akatswiri a saikoloji amalembetsedwa ndi bungwe la Allied Health Practitioners Council, ndipo wofuna kugwira ntchito yothandiza odwala matenda a maganizo amayenera kuwonjezera digiri yachiwiri ndi nthawi yogwira ntchito moyang'aniridwa ndi katswiri. Komanso katswiri wa saikoloji ndi wosiyana ndi dokotala wa matenda a maganizo amene amalembera odwala mankhwala ku chipatala cha Parirenyatwa kapena cha Ingutsheni ku Bulawayo, pakuti ameneyo amayamba waphunzira udokotala wonse. Zimenezi palibe amene anatiuza momveka pa tsiku lolembetsa, ndipo bambo anga aang'ono anakhumudwa atazimva m'chaka chachitatu.

Pakali pano ndikugwira ntchito yosonkhanitsa ndi kusanthula mayankho a kafukufuku wa zaumoyo, ntchito imene ndinaipeza chifukwa cha SPSS yomwe ija, ndipo mwezi uliwonse ndikupatula kangachepe kuti ndidzalipirire digiri yachiwiri. Mng'ono wanga, amene ali mu Fomu 6, wanena kuti nayenso akufuna saikoloji, ndipo ndamuuza kuti ndidzamuthandiza fizi pokhapokha atayamba wabwereza buku lake la masamu la Fomu 4.