Mlangizi wa hockey amene tinamulemba uja, ganyu yake ndi ya kamodzi basi

Amene muli ndi abale ku Canada ana awo akusewera hockey ya pa ayezi, alangizi a pa intanetiwa amathandiza ndithu koma osawasiyira mutu wonse. Ife tinalemba mmodzi chifukwa cha mwana wa achemwali anga ku Ontario, ali ndi zaka 15, nde poti malume ndine anati sangamange mfundo ine osamvako, ndimalowa nawo pa WhatsApp ndili konkuno ku Nkhotakota. Kampani yake sinditchula.

Kufotokoza bamboyo amatha, apo sindinama. Njira zoti mwana akafikire ku NHL, ligi yaikulu ya hockey ku America ndi Canada, zilipo ziwiri. Ina ndi CHL, maligi atatu a achinyamata, OHL (ya ku Ontario), WHL ndi QMJHL, anyamata a zaka 16 mpaka 20, mwana amachoka pakhomo kukakhala ndi banja lachilendo mtauni ya timuyo, ku OHL magemu 68 pa sizoni osawerengera ma playoff, maulendo a pa basi osatha, sukulu akuphunzira chothamanga. Connor McDavid anadutsira ku Erie Otters, Sidney Crosby ku Rimouski. Inayo ndi ya koleji ku America, NCAA, magemu ake ngati theka chabe, ambiri Lachisanu ndi Loweruka, mkati mwa sabata ndi kalasi ndi jimu, komanso kumeneko mwana amagundana ndi madoda a zaka 23, 24. Cale Makar anachokera ku yunivesite ya UMass, Macklin Celebrini amene anali woyamba kusankhidwa pa draft ya NHL (pomwe matimu amasankha osewera achinyamata) mu 2024 anali ku Boston University.

Pomwe ndalama yathu inagwira ntchito zenizeni ndi apa. Alamu anga anali akadali ndi lamulo lakale mmutu, loti ukangosewera CHL koleji yakutsekera chitseko chifukwa NCAA imakuwerenga ngati pro, wosewera wolipidwa. Anali atatsala pang'ono kukaniratu za OHL chifukwa cha zimenezo, amafuna mwanayo adikire USHL, ligi ya achinyamata ya ku America yomwe siimatseka chitseko cha koleji. Mlangiziyo anati ayi, NCAA inasintha mu November 2024, kuyambira pa 1 August 2025 anyamata a CHL akuloledwa, bola asalandire ndalama yoposa ya zofunikira komanso asasaine kontrakiti ya pro. Gavin McKenna anachoka ku Medicine Hat Tigers ya mu CHL kupita ku koleji ya Penn State chaka chomwecho. Kutanthauza kuti mwana atha kuyamba OHL kenako koleji pambuyo, sizakuti usankhe kumodzi ngati kale. Achemwali mtima unakhala pansi pompo.

Koma nde zondinyansa zilipo. Bamboyo mtima wake uli ku CHL, amayankhula za draft ngati minibasi yoti aliyense apeza mpando, chonsecho ndi maraundi 7, matimu 32, anyamata 224 dziko lonse lapansi, aku Sweden, Finland ndi aku Russia omwe. Nditafunsa kuti nanga mwana akathyoka bondo kapena osasankhidwa zikhala bwanji, anangoti CHL imalipira fizi ya chaka chimodzi pa sizoni iliyonse yomwe wasewera, basi wadutsa. Zoti thandizolo lili ndi nthawi yake yoligwiritsira ntchito ndipo limatha kutayika ukasaina pro ndinachita kumukoka pakamwa. Za magiredi a ku sekondale amene NCAA imafuna anazinena kumapeto ngati zongokumbukira, pomwe kwa ine ndiye nkhani yake imeneyo, mwana woyenda pa basi usiku masamu akhoza nthawi yanji? Sanatchulenso zoti pano malo ku koleji apanikizika poti a CHL nawonso akulimbirana omwewo.

Nthawi nayo eeh, 7 koloko madzulo kwawoko kuno imakhala 1 kapena 2 koloko usiku, ndinapempha Loweruka m'mawa akuti kalendala yadzadza. Amatchaja madola pa ola, ngakhale kafunso ka mizere iwiri pa imelo kamalowa mu bilu, nde phukusi la chaka chonse amalikakamiza heve.

Ine ndinawauza achemwali kuti phukusilo alisiye. Lipirani nkumano umodzi, mafunso mulembetu papepala, makamaka a fizi, kuvulala ndi magiredi, zinazo makochi a mwanayo ndi aphunzitsi ake akuuzani ulere.