Kosi ya masiku 5 yoyendetsa boti ya matanga ku Durban, nayipatsa nyenyezi 4 pa 5

Anzanga ku ntchito anali kunifunsa ati ndalama zija unawononga ku Durban zinapindula chani, manje lekani niyankhe onse pamodzi. Ine nine wa mu Chilenje, madzi akulu amene ninali kudziwa ni a ku Siavonga chabe, ndipo Kariba siyikoka boti monga nyanja ya mchere.

Tsiku lachiwiri aphunzitsi ananipatsa chiwongolero ati gwira 090 pa kampasi, kummawa ndendende. Ninagwira bwino maningi mpaka kunyada, koma patapita ola ananionetsa GPS, mzere wathu unali utapendekera kummwera. Ine ati kampasi yanu ni yakufa bwana, iwo kuseka chabe. Apa ndiye pamene ndalama yanga inabwelera. Heading ni kumene mphuno ya boti yaloza, course ni kumene boti ikupita zoona pamwamba pa nthaka, pa GPS amalemba COG. Zimasiyana chifukwa madzi onse amene mwakhalapo nawonso ali paulendo, kuwonjezera mphepo imene imakankha boti chammbali, ija amati leeway. Kunja kwa Durban kuli Agulhas, mtsinje wa mkati mwa nyanja wotsikira kummwera chakumadzulo, malo ena umapitilira 4 knots, ndipo knot imodzi ni 1.852 km pa ola. Manje boti ikamayenda 5 knots madzi nkumakoka 2 knots chammbali, pa ola limodzi mwataya ma mile awiri a panyanja (pafupifupi 3.7 km), kuti mufike pamene mufuna mphuno muyipotoze madigiri opitilira 20 kuloza kumene madzi akuchokera. Ninakumbuka amalume akuwoloka Luangwa pa bwato, sanali kuloza padoko ai, anali kuloza kumtunda kwa mtsinje madzi nkuwatsitsa bwinobwino pamalo pake. Nzeru ni yomweyo, kusiyana kwake apa mumachita masamu ndi pensulo pa chart, mapu a panyanja.

China chimene ninakonda, anatiphunzitsa kuona kukokedwa popanda GPS. Musankha zinthu ziwiri kumtunda, chimodzi kumbuyo kwa chinzake, ife tinatenga uta wa sitediyamu ya Moses Mabhida ndi nyumba yaitali kuseli kwake, mukamayenda pa mzere wa zinthuzo zikayamba kutalikirana mwadziwa kuti madzi akukubani.

Nyenyezi imodzi nachotsa chifukwa tinali ophunzira asanu pa boti imodzi, chiwongolero kuchita kulandizana monga foni ya pa nyumba, ndipo masamu a pa chart anawathamangitsa madzulo amodzi anthu titatopa kale. Tsiku lina sitinatuluke chifukwa cha mphepo ya kummwera chakumadzulo, ikawombana ndi Agulhas mafunde amaimilira moopsa, izo sinikuwadandaula, koma tsikulo sanatibwezere olo pang'ono. Mankhwala a chizungulire gulani mu Lusaka musanakwere ndeke ndipo mumwe boti isananyamuke, ine ninachedwa, nkhuku ya tsiku loyamba inapita kwa nsomba.